Mukatsikira ku Kamwala, Tengani Bawuti M'thumba

Mwezi wa Disembala ukayandikira, masitolo a ku Kamwala amadzaza ndi timagalimoto ta ana toyendera rimoti, tofiira ndi tachikasu, m'makatoni owala oti kholo limene langotsika basi pa Intercity silingadutse osacheuka. Mwezi womwewo ndi umene mvula imakhazikika, ndipo kholo lomwelo limakhala litabwera m'tauni kudzafuna mbewu, feteleza ndi zitsulo za makina a kumunda. Pofika Febuluwale kagalimoto kamakhala katagona pansi pa bedi, ndipo pampu kapena chopopera mankhwala chimakhala chitagona pansi pa mtengo wa mango. Tikafufuza bwino, kawirikawiri matenda a ziwirizi amakhala amodzi. Chimene chinawonongeka poyamba chinali chaching'ono, koma pofuna kuchifikira munthu anafafaniza mutu wa bawuti ndi chida chosayenera, ndipo khomo lolowera m'makinawo linatsekeka.

Ena mwa inu mudabwa kupeza nkhani ya zidole m'kalata ya alimi. Tailemba dala. Ambiri amene munaphunzira pano simunabwerere kumudzi. Muli ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ku George ndi ku Mtendere, mukuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, mukulima ndiwo pa kamunda kobwereka kunja kwa mzinda, ndipo madzulo mumakonza chilichonse chimene anansi abweretsa, kaya ndi njinga, wailesi, nyale ya sola, ngakhale kagalimoto ka mwana. Koma chifukwa chathu chachikulu n'chakuti makina aakulu amabisa zolakwa za mwini wake kwa chaka chathunthu, pamene kagalimoto kamaziulula tsiku lomwelo. Bawuti ya pulawo ingapirire sipanala yolakwika kasanu kapena kakhumi. Kabawuti kochepa ngati njere ya mpunga kamafa ulendo woyamba. Motero anthu okonza timagalimoto timeneti anaphunzira kusankha zida mosamala kuposa alimi ambiri, ndipo ife tikuona kuti pali nzeru yoti titape kwa iwo.

Timagalimoto ta rimoti tili m'magulu awiri. Kotsika mtengo, kamene kachuluka m'masitolo, kamamangidwa ndi timabawuti ta mutu wa mtanda tolowa m'pulasitiki, ndipo amene anakapanga sanayembekezere kuti wina adzakatsegula. Kangakonzedwe ndithu, makamaka ngati vuto ndi waya woduka kapena dzimbiri pokhala mabatire, koma pulasitiki imalola kumanga ndi kumasula kangapo kokha, kenako mizere yake imatha. Gulu lachiwiri ndi la makampani monga Tamiya ya ku Japan ndi Traxxas ya ku America, ndipo amene amapikisana nato ndi anthu akuluakulu a ndevu zawo. Kagalimoto kotere ndi makina enieni okhala ndi magiya, maberingi ndi mashokabu, ndipo chiwalo chilichonse chimamasuka n'kusinthidwa. Kamafika kuno mwa apo ndi apo, mwina ndi wachibale wochokera ku Johannesburg, mwina m'katundu wa salaula. Ndi gulu limeneli limene lili ndi phunziro lathu, pakuti mabawuti ake ambiri ndi a mtundu umene tikuuona ukuchuluka pa makina atsopano a kumunda.

Mutu wa bawuti yotere uli ndi dzenje la mbali 6, ndipo chomasulira chake ndi kachitsulo ka mbali 6 kamene tonse timakatcha Allen key. Dzinali linachokera kwa William G. Allen wa ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut ku America, amene analembetsa njira yake yopangira mabawuti otere cha mu 1910. Chimene chinkavuta masiku amenewo ndi ngozi za m'mafakitale. Mabawuti a mitu yotulukira kunja pa mashafuti ozungulira ankakola zovala za antchito n'kuwakokera m'makina, ndipo bawuti yomira mkati inachepetsa ngoziyo. Aliyense amene anaonapo mayi ataima pafupi ndi lamba wa chigayo, chitenje chili pekupeku, amvetsa kuti nkhani imeneyi sinathere ku America. Tikutero chifukwa timaona ena, kabawuti komira kakawavuta, amakachotsa n'kuikapo bawuti wamba ya mutu wotulukira kunja. Kumeneko n'kubwezeretsa ngozi imene inathetsedwa zaka zoposa 100 zapitazo.

Wokonza kagalimoto ka mipikisano amathera ntchito yake yambiri pa miyeso itatu yokha: 1.5 mm, 2 mm ndi 2.5 mm. Akawonjezera timasipanala ta bokosi ta 5.5 mm ndi 7 mm, ka 7 mm kakhala ka manati a mawilo, ndiye kuti zida zake zatsala pang'ono kukwana. Chochititsa chidwi n'chakuti pafupifupi onse amaika pambali ka Allen key kopindika kamene kamabwera kaulere m'katoni, n'kugula chomasulira chowongoka cha chogwirira chonga cha sikuludiraiva, chimene pa Chingerezi amati hex driver. Chifukwa choyamba ndi chitsulo. Kaulere kaja kawirikawiri n'kofewa, ndipo kakamasula mabawuti angapo makona ake amafumbwa. Chida chofumbwa makona sichifa chokha. Chimafafaniza dzenje la bawuti iliyonse imene chalowamo, ndipo mwini wake amangoti mabawuti a masiku ano ndi achabe, osadziwa kuti wakupha ali m'dzanja lake lomwe. Chifukwa chachiwiri ndi dzanja. Chomasulira chowongoka chimakankhira mphamvu molunjika pansi pa dzenje, ndipo zala zimamva pamene bawuti yakwana. Chopindika chija chili ndi mkono wautali umene umapatsa munthu mphamvu yoposa imene kabawuti kakang'ono kangapirire. Pa bawuti yaikulu ya 6 mm kapena 8 mm mkono umenewo ndi dalitso, ndipo mlimi amafunika chopindika cholimba. Pa kabawuti ka 2 mm ndi tsoka.

Pali mtundu wina wa Allen key umene nsonga yake ndi yobulungira ngati kampira. Ubwino wake ndi wakuti umalowa m'dzenje chopendekeka, pamene bawuti yabisala kuseri kwa chitsulo china. Koma kampirako kamakhudza dzenje pa malo ochepa kwambiri, ndipo kali ndi khosi lopyapyala limene limathyoka msanga. N'kothamangitsira bawuti imene yamasuka kale. Poyamba kumasula ndiponso pomaliza kumanga, gwiritsani ntchito mbali yowongoka. Kampira kakathyokera m'dzenje mwapeza ntchito ya tsiku lathunthu.

Tsopano tifike pamene pagona vuto lenileni. Dziko lapansi lili ndi miyeso iwiri ya mabawuti, ya mamilimita ndi ya mainchi, ndipo zida zake zimaoneka zofanana m'maso. Inchi imodzi ndi 25.4 mm. Allen key ya 3/32 ya inchi ndi 2.38 mm, ndipo imalowa bwinobwino m'dzenje la 2.5 mm. Mpata wotsala ndi 0.12 mm, pafupifupi kuchindikala kwa pepala limene mukuwerengali. Diso silingauone, koma chitsulo chimaumva. M'malo mogwira mbali zonse 6, chidacho chimagwira ndi nsonga za makona okha, ndipo mukapotokola mwamphamvu dzenje la mbali 6 limasanduka lozungulira. Chimodzimodzi 1.5 mm m'dzenje la 1/16, lomwe ndi 1.59 mm, kapena 3/16, yomwe ndi 4.76 mm, m'dzenje la 5 mm, kapenanso 6 mm m'dzenje la kota ya inchi, lomwe ndi 6.35 mm. Ilipo miyeso ingapo imene imayandikana kwambiri moti mungaisinthanitse popanda vuto lalikulu, monga 5/64 ndi 2 mm, 5/32 ndi 4 mm, ndiponso 5/16 ndi 8 mm. Miyeso yochepa imeneyi ndiyo imanyenga anthu, pakuti munthu akaona kuti zatheka kamodzi amayesa kuti zimatheka paliponse.

Mlimi wa ku Germany sakumana ndi chisokonezo chimenechi kawirikawiri, chifukwa makina ake ambiri ndi a muyeso umodzi. Ife kuno ku Zambia tinalandira makina kuchokera kumbali zonse. Thirakitala ya Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa ku Coventry kuyambira 1964 ndipo ikulimabe m'mafamu ambiri a ku Chongwe ndi ku Chisamba, ndi ya mainchi. Injini zakale za Lister zochokera ku England zili ndi mabawuti a muyeso wa Whitworth, umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841, ndipo nambala yolembedwa pa sipanala yake imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu. Injini za petulo za Honda ndi zina zotengera pa izo, zigayo ndi mathirakitala a mawilo awiri ochokera ku China, ndiponso mapampu a sola, zonsezi ndi za mamilimita. Pa bwalo limodzi la mlimi mmodzi mungapeze mibadwo itatu ya mabawuti, koma sipanala imodzi yokha, imene agogo anabwera nayo kuchokera ku migodi.

Ngakhale pakati pa mamilimita pomwe pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Bawuti yonenepa 8 mm ikakhala ya makina a ku Japan mutu wake umafuna sipanala ya 12, koma ikakhala ya muyeso wa ku Ulaya umafuna 13. Yonenepa 10 mm imafuna 14 pa makina a ku Japan, ndi 16 kapena 17 pa ena. Ndiye palinso theka la inchi, lomwe ndi 12.7 mm, limene sipanala ya 13 imalivala momasuka n'kulidya makona pang'onopang'ono. Mukaona nati ya pulawo kapena ya ripa ya Magoye itabulungira ngati mwala wa mumtsinje, kawirikawiri mbiri yake ndi imeneyi.

Kabawuti kamene tikufuna kuti mukadziwe bwino kuposa ena onse ndi kaja kopanda mutu, komira konse m'chitsulo. M'kagalimoto ka mipikisano kamagwira giya yaing'ono pa shafuti ya mota, ndipo kamamasulidwa ndi 1.5 mm. Kakamasuka, mota imalira, mawilo ali chete. Kakafafanizika dzenje, giya sichoka. Kabawuti komweko, kokulirapo pang'ono, ndi kamene kamagwira pule pa shafuti ya chigayo kapena ya makina otongolera chimanga, kamagwira beringi m'nyumba yake, ndiponso kamagwira kamota kotembenuza mazira m'makina oswetsera anapiye amene ambiri a inu mwagula. Beringi ya shafuti ya 25 mm kawirikawiri imabwera ndi kabawuti kofuna Allen key ya 3 mm, pamene mnzake wa shafuti ya inchi imodzi, amene m'maso ndi mapasa, kawirikawiri amafuna 1/8 ya inchi, yomwe ndi 3.18 mm. Mukalowetsa 3 mm mmenemo mwayamba kale kuwononga. Okonza timagalimoto ali ndi mwambo wawo pa kabawuti kameneka umene tikufuna uzike mizu pakati pathu. Amayamba achotsa dothi m'dzenje ndi singano, pakuti dzenje lodzaza fumbi limalola chida kulowa theka lokha. Amaonetsetsa kuti kabawuti kakutsamira pa mbali yophwatalala ya shafuti. Amadonthezapo kadontho ka guluu wa buluu womangira mabawuti, wonga Loctite, kuti kunjenjemera kwa makina kusakamasule. Ndipo kakakana kumasuka, amakafunditsa pang'ono ndi moto kuti guluuyo afewe, m'malo mowonjezera mphamvu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kabawuti kameneka ndi nkhono ndithu.

Mabawuti a mutu wa mtanda nawo ali ndi msampha wawo. Mtundu wofala ndi wa Phillips, wotchedwa ndi dzina la Henry F. Phillips wa ku America amene anaufalitsa m'zaka za m'ma 1930. Koma makina a ku Japan, kuyambira kagalimoto ka Tamiya mpaka kabyuleta ya injini ya Honda, ali ndi mtanda wosiyana pang'ono wotchedwa JIS, ndipo nthawi zambiri pa mutu wake pamakhala kadontho kamodzi pambali pa mtandawo. Sikuludiraiva ya Phillips sikhazikika bwino mmenemo. Imakwera m'mwamba mukamapotokola, n'kutafuna mtandawo. Ya JIS imagwira bwino mitundu yonse iwiri, ndipo mukaipeza musaisiye. Mukapanda kuipeza, sankhani ya Phillips ya nsonga yatsopano ndi ya nambala yoyenera, ndipo mphamvu yanu yambiri ikhale yokankhira pansi, yochepa yokha ndiyo ya kupotokola.

Za bobojani ndi pulayazi sitichulukitsa mawu. Bobojani ndi ya mapaipi, ndipo mano ake anapangidwira kuluma. Pulayazi ndi yogwirira ndi kudulira waya. Sipanala yosinthasintha kukamwa ili ndi malo ake m'thumba la pa ulendo, koma imagwira mbali ziwiri zokha za nati ndipo kukamwa kwake kumayasamuka mukaikapo mphamvu. Pa nati yolimba, sipanala ya mphete yovala mutu wonse ndiyo yoyenera.

Nanga munthu asankhe bwanji atafika ku Kamwala, kumene mashelefu adzaza zida zonyezimira ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu ofuna kugula? Langizo lathu loyamba ndi limene lili pamutu pa nkhaniyi. Masulani bawuti imodzi ya makina anu, kapena tengani ina yofanana nayo ndendende, muikulunge m'kansalu n'kupita nayo. Mukafika, lowetsanimo chidacho pamaso pa wogulitsa. Chida choyenera chimalowa mothina pang'ono, chimafika pansi, ndipo mukachigwedeza sichisewera. Yang'anani nsonga yake pa kuwala: makona akhale akuthwa, mapeto akhale odulidwa mowongoka. Nambala ya muyeso ikhale yodindidwa m'chitsulo, chifukwa ya penti imafufutika mwezi umodzi ndipo mudzayamba kuyerekeza. Mudzaona zilembo monga Cr-V kapena S2, zimene zimatchula mitundu ya chitsulo cholimba. N'zabwino kuziona, koma kudinda zilembo n'kosavuta kuposa kuumitsa chitsulo, choncho musazikhulupirire zokha. Mayeso odalirika ndi a tupa. Gulani chida chimodzi, mukafika kunyumba chikwecheni ndi tupa pa malo osagwira ntchito. Ngati tupa ikuterera n'kungosiya kachizindikiro, chitsulocho n'cholimba, ndipo ulendo wotsatira mukagule anzake a mtundu womwewo. Ngati tupa ikudya ngati ikudya msomali, mwataya ndalama yochepa ndipo mabawuti anu apulumuka.

Sitigwirizana ndi amene amati zida za ku Kamwala zonse n'zachabe, kapena kuti chilichonse chochokera ku China kapena ku India n'chonyenga. Mayiko amenewa amapanga zida zabwino kwambiri ndi zoipa kwambiri, malinga ndi mtengo umene woitanitsa walipira, ndipo woitanitsa amabweretsa chimene ife timafunsa. Tikalowa m'sitolo mawu athu oyamba amakhala akuti, "Chotchipa ndi chiti?" Wogulitsa angatani? Yesani kufunsa kuti, "Bambo, chimene amakanika amabwerera kudzagulanso ndi chiti?" Kawirikawiri chidzatuluka pansi pa kauntala, chosanyezimira kwenikweni. Musanyozenso zida zakale zogulitsidwa pansi m'misika. Sipanala ya Gedore kapena ya King Dick imene yagwira ntchito zaka 30 ingagwirenso zaka zina 30, malinga kukamwa kwake kusakhale koyasamuka. Allen key yakale yofumbwa kunsonga ili ndi mwayi umene sipanala ilibe. Owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, angakuduleni mamilimita awiri kapena atatu kunsongako pa mwala wonolera, ndipo yatsala yatsopano. Muwapemphe kuti aziiviika m'madzi pafupipafupi, pakuti nsonga ikafika posanduka yabuluu ndiye kuti kulimba kwake kwapsa.

Tikudziwa chimene ena anena, ndipo sitikuchipeputsa. Ndalama ya mlimi m'mwezi wobzala ili ndi eni ake ambiri, ndipo bokosi la zida 40 pa mtengo wa sipanala ziwiri zabwino limakopa. Koma werengani zimene mudzagwiritse ntchito m'bokosimo. Njinga imafuna sipanala ya 15 ya mapedulo ndi manati a mawilo, ya 10 ndi ya 13, ndipo ngati ndi ya masiku ano, Allen key ya 4, 5 ndi 6 mm. Injini ya pampu imafuna 8, 10, 12 ndi 14, ndi sipanala ya pulagi, yomwe kawirikawiri ndi ya 21 mm. Zina zonse m'bokosi lija zidzachita dzimbiri zisanakhudze bawuti, pamene zisanu zofunikazo zidzatha mwezi woyamba chifukwa zinapangidwa ndi chitsulo chofanana ndi anzake osafunikawo. Kuli bwino kugula chida chimodzi chabwino mukagulitsa tomato, china mukagulitsa nkhuku, mpaka zikwane. Ndipo powerengera mtengo, ikanipo masiku amene pampu idzaime m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndalama ya minibasi yopita m'tauni ndi kubwerera, malipiro a wowotcherera amene adzachotse bawuti yofafanizikayo, ndi mbande zimene zidzafote podikira. Kuyambira kumapeto kwa 2016, pamene mbozi zowononga chimanga zija zinalowa m'dziko muno, tonse tikudziwa kuti chopopera chimene chafa sabata imodzi yolakwika chingatayitse munda.

Nkhani yobwereka ndi yovuta kuikamba pakati pa abale a mpingo umodzi, chifukwa kubwerekana ndi mbali ya chikondi chathu ndipo sitikufuna kuti kuthe. Komabe Malemba omwe amadziwa kulemera kwa chida cha mwini. Mu 2 Mafumu chaputala 6, mmodzi wa ophunzira a Elisa atagwetsera nkhwangwa m'madzi a Yorodano, chimene chinamuliritsa kwambiri chinali chakuti inali yobwereka. Ndipo 1 Samueli chaputala 13 imasimba za nthawi imene mu Israyeli munalibe wosula zitsulo, moti mlimi aliyense ankatsikira kwa Afilisti kukanoletsa khasu, nkhwangwa ndi chikwakwa chake, n'kulipira. Anthu amene sangathe kusamalira zida zawo amakhala m'manja mwa amene angathe. Maganizo athu ndi akuti zida za tsiku ndi tsiku aliyense akhale nazo zakezake, pakuti wobwereka amatenga chimene chapezeka, ndipo chimene chapezeka nthawi zambiri chimakhala choyandikira muyeso, osati chokwana. Zida zodula zofunika kamodzi pa chaka, monga chozulira maberingi kapena sipanala yoyeza mphamvu yomangira, zigulidwe ndi gulu, zikhale ndi msungi mmodzi ndi kabuku kolembamo wotenga.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chimatisangalatsa nthawi zonse. Mjigo wa Afridev, umene unayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev kenako n'kukonzedwanso ku Kenya, anaupanga poyamba kuganizira za wodzaukonza. Anafuna kuti amayi a m'mudzi azitha kutulutsa ziwalo zake ndi kusintha mphira pogwiritsa ntchito sipanala imodzi ndi kandodo kokowera, popanda kudikira galimoto ya boma. Mjigo wa India Mark II, umene ndi wofala m'madera ambiri a dziko lino, ndi wolimba, koma kuukonza pansi kumafuna zida zolemera ndi anthu ophunzitsidwa. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti makina ndi zida zake zisankhidwe tsiku limodzi. Musanalipire pampu ya sola, chopopera cha batire kapena makina oswetsera anapiye, zungulirani n'kuwerenga mitu ya mabawuti ake. Ndi mitundu ingati? Ndi ya mamilimita kodi? Chomasulira chake chikupezeka ku Kamwala kapena pa msewu wa Lumumba, kapena n'choti mpaka muitanitse kunja? Makina a mitundu iwiri ya mabawuti wamba ndi abwino kwa mlimi kuposa okongola a mitundu 7 yachilendo.

Kwa achinyamata amene muli ndi zala zodekha pali chinanso. Ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, zimene amazitcha drone, zimamangidwa ndi timabawuti ta mtundu womwewo ndi miyeso yomweyo ya 1.5 mm, 2 mm ndi 2.5 mm. Anansi athu a ku Malawi anatsegula dera loyeserera ndege zimenezi ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 anatsegula sukulu yake ku Lilongwe mothandizana ndi UNICEF. M'mafamu aakulu zayamba kugwira ntchito yojambula minda ndi kupopera mankhwala. Sitikulonjeza aliyense ntchito, ndipo sitikuganiza kuti mlimi wa maekala awiri adzagula yake posachedwa. Koma zikawonongeka zidzafuna munthu amene anazolowera kusunga timabawuti 20 m'kambale motsatira dongosolo limene anatichotsera, ndipo chizolowezi chimenecho chimayambira pa zinthu zonga kagalimoto ka mwana. Mwana wa m'komboni amene amapinda waya n'kupanga galimoto yake yokhala ndi chiwongolero ali nalo kale diso la ntchitoyi. Chimene akusowa ndi chida chokwana ndi munthu womuonetsa kagwiridwe. Timaonanso kuti pa maphunziro a makina ophunzira aakazi amakonda kuima kumbuyo n'kusiyira anyamata sipanala, chonsecho m'makomo ambiri amene amatsala ndi pampu ndi nkhuku bambo akapita kukafuna ganyu m'tauni ndi mayi. Alangizi athu ayenera kuliona limeneli.

Pempho lathu kwa akomiti a sukulu ino lili pawiri. Loyamba, wophunzira aliyense asanalandire satifiketi alembe pa tsamba lomaliza la kope lake miyeso ya mabawuti a makina onse amene ali nawo kwawo kapena amene akufuna kugula, atayeza yekha ndi zida za m'shedi yathu, ndipo mlangizi asainepo. Lachiwiri, pamene mpingo kapena abwenzi otithandiza akugulira magulu a alimi makina, pepala loitanitsira likhale ndi mzere wa zida zomasulira makinawo, za chitsulo chabwino, miyeso yake italembedwa, ndipo wolandira katunduyo ayese chida chilichonse pa bawuti yake galimoto yobweretsa isanachoke. M'shedi momwemo zida za mainchi zipakidwe penti yofiira pa chogwirira ndipo zipachikidwe pa khoma lina, kutali ndi za mamilimita.